Ndolo za wailesi pa ziweto: nambala yokha si umboni

Alimi a ku Ntchisi ndi ku Dowa amene analandirapo mbuzi kapena ng'ombe yamkaka kudzera m'ndondomeko yopatsirana ziweto amaidziwa bwino ndolo ya pulasitiki, yolembedwa nambala, imene imaikidwa pakhutu la chiweto. Tsopano pali mtundu wina wa ndolo umene suwerengedwa ndi maso koma ndi makina. Mlangizi amangoyandikiza ndodo yowerengera kukhutu la mbuzi, nambala n'kuonekera pamakinawo, ngakhale ndoloyo itadetsedwa ndi matope kapena ndowe. Luso limeneli limatchedwa RFID, kutanthauza kuzindikira chinthu pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi. Ndi lomwelonso limene lili m'makhadi a banki ongogunditsa pamakina, komanso m'timapepala tina tomata pamatumba m'nyumba zosungiramo katundu.

Ubwino wake pa ntchito ya kafukufuku ndi woonekeratu. Poyeza kulemera kwa mbuzi mwezi ndi mwezi, zolakwika zambiri zimachokera pa kuwerenga ndi kukopera manambala: 3 amasanduka 8, 1 amasanduka 7, ndipo pakutha pa chaka mbuzi ina imaoneka ngati yawonda pamene ndi mnzake amene anayezedwa. Makina salakwitsa motero. Koma ogulitsa zipangizozi amakonda kuwonjezapo mawu akuti ndolo ya wailesi imathetsa kuba ndi chinyengo, ndipo mawu amenewa ayenera kuunikidwa bwino gulu lisanatulutse ndalama. Ndolo zambiri za ziweto zimangotchula nambala basi. Kutsimikiza kuti wotchula nambalayo ndiye mwini wake weniweni ndi ntchito ina, imene imafuna masamu obisira uthenga, kiyi wachinsinsi, ndi kaundula wosamalidwa bwino.

Zimene zili m'kati mwa ndolo

Ndolo ya wailesi ilibe batire. M'kati mwake muli waya woonda wokulungidwa kambirimbiri, ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mawere kotchedwa chip. Makina owerengera akayandikira amatulutsa mafunde. Wayayo amatenga mphamvu m'mafundewo, chip imadzuka, imatumiza nambala yake, kenako imagonanso. Ndiye chifukwa chake ndolo imatha zaka zambiri osafuna kutchaja.

Ndolo za ziweto zovomerezeka padziko lonse zimatsatira miyezo iwiri, ISO 11784 ndi ISO 11785, ndipo zimalankhula pa mafunde a 134.2 kHz. Nambala yake imakhala ya manambala 15 ondondozana. Atatu oyambirira amasonyeza dziko kapena kampani yopanga ndoloyo. Nambala ya dziko la Malawi ndi 454, ya Zambia ndi 894, ya Mozambique ndi 508, pamene zoyambira pa 900 mpaka 998 ndi za makampani, ndipo 999 ndi ya ndolo zongoyeserera zimene siziyenera kuikidwa pachiweto. Manambala 12 otsalawo ndi a chiwetocho. Mlangizi akapeza ndolo zoyamba ndi 999 m'katoni yogulidwa, azibweze.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti miyezo imeneyi inakonzedwa kuti makina alionse, a kampani iliyonse, athe kuwerenga ndolo iliyonse. Cholinga chinali chabwino: ng'ombe yoikidwa ndolo m'dziko lina iwerengeke kulikonse kumene yapita. Koma zotsatira zake n'zakuti ndoloyo siisankha woiyankha. Imauza nambala yake aliyense woifunsa, mlangizi ndi mbala yomwe, ndipo imanena mawu omwewo tsiku lililonse. Pamodzi ndi nambalayo, chip imatumizanso timanambala toonjezera timene makina amaonera ngati uthenga wafika wathunthu. Ogulitsa ena amatchula zimenezi ngati chitetezo. Si chitetezo ayi. Zimagwira uthenga wosokonekera m'njira, osati uthenga wabodza wolembedwa mosamala.

Mpofunikanso kudziwa kuti foni yokhala ndi NFC siiwerenga ndolo zimenezi. Foni imalankhula pa 13.56 MHz, amene ndi mafunde a makhadi. Gulu logula ndolo za 134.2 kHz liyenera kuwerengera mtengo wa ndodo yowerengera, ndi kumene lizikaitchaja.

Pamene chinyengo chimalowera

Njira yoyamba ndi kukopera. Pali ma chip opanda kanthu amene munthu angathe kulembamo nambala iliyonse, ndipo akalembamo nambala ya ng'ombe ya wina, makina owerengera saona kusiyana kulikonse. Ng'ombe ziwiri zimakhala ndi nambala imodzi. Yakubayo ikafika pamsika, makina amatchula nambala ya ng'ombe yovomerezeka imene ili phee m'khola kwa Malomo.

Njira yachiwiri ndi kumvetsera. Ndolo za ziweto zimawerengeka pafupi kwambiri, ndodo ikayandikira khutu, koma timapepala ta pamatumba timagwiritsa ntchito mafunde a pakati pa 860 ndi 960 MHz, amene amawerengeka pamtunda wa mamita angapo. Khoma la matabwa kapena la udzu silitchinga mafundewa. Munthu woima panja ndi makina ake angathe kudziwa kuchuluka kwa matumba a soya kapena mtedza m'nyumba ya gulu, osatsegula chitseko.

Njira yachitatu siifuna luso lililonse, ndipo ndiyo yoyenera kuopedwa kwambiri kumidzi: kuchotsa ndolo pachiweto china n'kuiika pa china. Mlimi amene ayenera kupatsira mnzake mbuzi yaikazi yathanzi angathe kusamutsira ndolo pa yofooka. Ng'ombe ikafa, ndolo yake ingathe kupatsidwa ng'ombe yakuba, ndiye kuti yakufayo ikupitiriza kukhala ndi moyo m'kaundula. Pa kafukufuku, ndolo imodzi yosinthidwa ndi yokwanira kupotoza zotsatira za khola lonse, ndipo uphungu wochokera pa zotsatirazo umakafika kwa alimi mazanamazana.

Funso ndi yankho

Mankhwala a kukopera ndi kumvetsera anapezeka kalekale, ndipo mlimi aliyense wokhala ndi foni amayenda nawo m'thumba. M'kati mwa simu khadi muli nambala yachinsinsi imene siituluka kunja. Kampani ya mafoni ili ndi nambala yomweyo. Foni ikayaka, netiweki imatumiza nambala yongolotera, simu khadi imaisakaniza ndi chinsinsi chake n'kubweza yankho, ndipo netiweki imachita masamu omwewo kuti ione ngati mayankho akufanana. Chinsinsicho sichidutsa mumphepo. Chodutsa ndi funso ndi yankho lake, ndipo funso limasintha nthawi iliyonse.

Chitsanzo cha masamu osavuta chingathandize pophunzitsa alimi otsogola. Tiyerekeze kuti kiyi wa khadi ndi 7, ndipo lamulo ndi kuchulukitsa funso ndi kiyi n'kutchula manambala awiri omaliza. Makina afunsa 52. Khadi liwerengera 364, liyankha 64. Makina, amene akudziwanso kiyi, apeza 64, ndipo avomereza. Mbala yomvetsera yalemba 64. Mawa lake ibwera ndi khadi labodza, koma makina afunsa 18, yankho loona ndi 26, ndipo 64 uja akanidwa. Kukopera zimene khadi linanena dzulo kulibe phindu.

Chitsanzochi chili ndi chofooka chimene mwana wa Sitandade 6 angachione. Atamva mafunso awiri ndi mayankho ake, angoyesa 1, 2, 3 mpaka 7, kiyi wapezeka. Choncho mphamvu ya njirayi yagona pa zinthu ziwiri: masamu akhale oti munthu sangabwerere m'mbuyo kuchoka pa yankho kukapeza kiyi, ndipo makiyi otheka akhale ochuluka kwambiri moti kuyesa mmodzimmodzi kusatheke. Pa makhadi abwino, khadi nalonso limafunsa makina funso lake lisanaulule kanthu, kuti makina a mbala asalandire yankho. Kumeneku ndiko kutsimikizirana mbali zonse ziwiri.

Kiyi wamfupi, masamu obisa

Mbiri ya lusoli ili ndi maphunziro awiri odziwika. Mu 2005, akatswiri a ku Johns Hopkins University ndi RSA Laboratories ku America anathyola chip yotchedwa DST ya kampani ya Texas Instruments, imene inali m'makiyi a magalimoto mamiliyoni ambiri ndi m'tizipangizo tolipirira mafuta pa malo omwetsera a ExxonMobil. Kutalika kwa kiyi kumayezedwa m'mabiti, ndipo biti iliyonse yoonjezera imachulukitsa kawiri makiyi otheka. Kiyi wa DST anali wa mabiti 40, kutanthauza makiyi otheka pafupifupi 1.1 thililiyoni. Kwa munthu ndi nambala yoopsa, koma makina amene akatswiriwo anakonza ankapeza kiyi m'maola ochepa.

Mu 2007 ndi 2008 zinagwera makhadi a MIFARE Classic, amene ankagwira ntchito pokwera sitima ndi mabasi ku London ndi m'mizinda ina yambiri. Opanga anabisa masamu ake, otchedwa Crypto-1, poganiza kuti chobisika n'chotetezeka. Karsten Nohl ndi Henryk Plötz anasenda chip, anaijambula ndi makina okuzira zinthu, n'kuwerenga masamuwo, ndipo akatswiri a ku Radboud University ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti khadi lingathe kukopedwa mofulumira. Makhadi amenewa akugulitsidwabe mpaka lero chifukwa ndi otchipa, ndipo pa chifukwa chomwecho ndi amene angathe kubwera koyamba pamene bungwe likufuna makhadi a alimi pa mtengo wotsika.

Mfundo yake inalembedwa kale mu 1883 ndi Auguste Kerckhoffs: njira yobisira uthenga iyenera kukhala yolimba ngakhale mdani atadziwa mmene imagwirira ntchito, bola asadziwe kiyi. Wogulitsa wonena kuti masamu a makhadi ake ndi chinsinsi cha kampani akupereka chifukwa chowakanira. Masamu odalirika lero ndi a AES, amene anakonzedwa ndi Joan Daemen ndi Vincent Rijmen a ku Belgium ndipo anavomerezedwa ndi boma la America mu 2001 atayesedwa poyera ndi akatswiri a m'maiko ambiri. Kiyi wake wa mabiti 128 amapereka makiyi otheka amene chiwerengero chake chimafuna manambala 39 pochilemba. Makhadi monga MIFARE DESFire EV1 ndi obwera pambuyo pake amagwiritsa ntchito AES, ndipo timapepala ta pamatumba tokhala ndi AES tiliponso, ngakhale tambiri totchipa tili ndi nambala yachinsinsi ya mabiti 32 yokha, yoletsa kulembamo osati kuwerenga.

Ngakhale AES sathandiza ngati makhadi onse ali ndi kiyi mmodzi. Zili ngati kugula maloko 500 otsegulidwa ndi kiyi yemweyo: mmodzi akatayika, nkhokwe zonse zatseguka. Njira yoyenera ndi yakuti khadi lililonse likhale ndi kiyi wakewake, wopangidwa posakaniza kiyi wamkulu ndi nambala ya khadilo. Mbala ikathyola khadi limodzi yapeza limodzi lomwelo. Kiyi wamkuluyo asamasungidwe m'pulogalamu ya pafoni, koma m'chip yapadera yonga simu khadi imene imachita masamu m'kati mwake osautulutsa, kapena pa kompyuta ya kulikulu.

Apa mapiri a Ntchisi akulowererapo. Kusunga kiyi kulikulu n'kotetezeka, koma kumafuna netiweki nthawi iliyonse khadi likawerengedwa, ndipo alangizi a m'madera a Kalira ndi Chikwatula amadziwa zigwa zimene foni imafuna kukwera nayo pachulu. Makina ogwira ntchito popanda netiweki ayenera kunyamula kiyi, ndiye kuti kutayika kwa makina amodzi ndi nkhani yaikulu. Pali njira yapakati, ya makiyi awiri: wina wosainira, amene amakhala kulikulu, ndi wina wongoonera ngati siginecha ndi yoona, amene angathe kuikidwa m'foni ya mlangizi aliyense popanda choopsa. Ndi njirayi palibe angasinthe zolembedwa m'khadi, monga kusandutsa matumba 2 kukhala 12. Koma siginecha yokha siiletsa kukopera khadi lonse monga lilili, choncho pamene pali ndalama funso ndi yankho likufunikabe.

Ndani wagwira khadi

Masamu amatsimikiza kuti khadi ndi lenileni. Sanena kuti waligwira ndani. Boma la Dowa linakumana ndi funso limeneli kale. Kuyambira December 2006 mpaka April 2007, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja pafupifupi 11,000 kumpoto kwa bomali, m'dera la Mfumu Chakhaza, pansi pa ndondomeko yotchedwa Dowa Emergency Cash Transfer. Banki ya Opportunity International inkabwera ndi galimoto kumidzi, ndipo njira imene inakonzedwa inali ya khadi lokhala ndi chip pamodzi ndi chidindo cha chala cha mwini khadi. Umboni unali wapawiri: chinthu chimene munthu wanyamula, ndi chinthu chimene sangabwereke kwa mnzake.

Kusiyana kwake kunaoneka ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika chimene kalembera wake wamkulu anachitika mu 2017. Ziphasozo zinali zenizeni, koma madandaulo anamveka m'maboma ambiri akuti mavenda ankatolera ziphaso za alimi n'kukagulira feteleza. Palibe chip imene inathyoledwa. Makina anawerenga chiphaso choona m'manja mwa munthu wolakwika. Chidindo cha chala nachonso chili ndi mavuto ake, chifukwa zala za munthu wogwira khasu ndi kusoka fodya zimatha mizere, choncho ndondomeko iliyonse yotere iyenera kukhala ndi njira ina yolembedwa bwino ya mlimi amene chala chake chakana, yosadalira chifundo cha kalaliki.

Pa chiweto funso ndi lomwelo: ndolo ndi yeniyeni, koma kodi khutu ndi lake? Masamu alibe yankho. Dziko la Botswana, pofuna kuteteza msika wake wa nyama ku Ulaya, linayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kumezetsa ng'ombe kachibulumwa kokhala ndi chip, kamene kamakhazikika m'chifu moyo wonse wa ng'ombeyo. Kachibulumwa sikathothoka ndipo mbala singakachotse ng'ombe ili moyo. Komabe mu 2011 kugulitsa nyama ku Ulaya kunaima kwa nthawi oyendera atapeza zofooka, kuphatikizapo pa kalondolondo wa ng'ombe, ndipo pambuyo pake dzikolo linasinthira ku ndolo zapakhutu ziwiri, ina yowerengedwa ndi makina, ina ndi maso. Chipangizo cha m'chifu chinali cholimba kuposa ndolo iliyonse. Chimene chinkavuta ndi ntchito yozungulira chipangizocho: kufika kwa ogwira ntchito kumakola ndi makina amoyo, ndi kulowetsa zosintha m'kaundula pa nthawi yake.

Zoyenera magulu a kuno

Pa mbuzi ndi ng'ombe, ndolo wamba ya 134.2 kHz ndi yokwanira, bola aliyense adziwe kuti ntchito yake ndi kufulumizitsa kuwerenga, osati kuchitira umboni. Kufuna ndolo ya masamu pa mbuzi iliyonse kungakhale kuwononga ndalama, chifukwa mbala ya kuno idzafika ndi mpeni, osati ndi kompyuta. Ndalamazo ndi bwino zipite ku ndolo zoti zikachotsedwa zimathyoka osabwereranso, ndi ku kaundula. Nambala iliyonse m'kaundula ikhale ndi chithunzi cha chiweto mbali zonse ziwiri, mtundu, maanga, kaimidwe ka nyanga, zaka, mwini wake ndi mudzi. Pogula kapena popatsirana, makina akatchula nambala, maso aone ngati chiweto chaimacho ndicho chili pachithunzi. Kalata ya amfumu ndi chilolezo chosamutsira ziweto cha kwa alangizi a ziweto zisasiyidwe chifukwa kwabwera makina. Nambala ya ndolo ilembedwe pa zonse ziwiri.

Kaundula yemweyo amagwiranso ndolo zokopera. Nambala imodzi ikawerengedwa ku Mponela m'mawa n'kuwerengedwanso kwa Chipuka tsiku lomwelo popanda chilolezo chosamutsira, kompyuta iyenera kuchenjeza. Izi zimatheka pokhapokha kuwerenga kulikonse kukulembedwa pamodzi ndi tsiku, malo ndi dzina la wowerenga.

Pamene pali ndalama mwachindunji, monga makhadi olandirira mbewu, makhadi operekera mkaka kumalo osonkhanitsira, kapena malisiti a zokolola zosungitsa, nkhani ndi ina. Apa gulu lifunse wogulitsa mafunso olunjika, ndipo mayankho alembedwe m'pangano: chip ndi ya mtundu wanji, masamu ake ndi AES kapena ayi, kodi khadi lililonse lili ndi kiyi wake, kiyi wamkulu akusunga ndani, ndipo kampani ikachoka m'dziko muno kiyiyo atsala ndi yani. Funso lomalizali limaiwalika kawirikawiri, ndipo pulojekiti ikatha gulu lingatsale ndi makhadi amene palibe angathe kuwalembanso. Makhadi atsopano amachoka kufakitale ndi kiyi wodziwika kwa aliyense, nthawi zambiri maziro okhaokha kapena zilembo zobwerezabwereza. Afunse umboni wakuti anasinthidwa. M'khadi musalembedwe dzina, nambala ya chiphaso cha unzika kapena nambala ya foni ya mlimi m'malo owerengeka popanda kiyi. Lamulo loteteza mbiri za anthu limene dziko lino linakhazikitsa mu 2024 limaika udindo wosamala mbiri zotere pa wozisonkhanitsa.

Khomo lomaliza ndi munthu wolemba m'kaundula. Mlangizi aliyense ndi mlimi wotsogola aliyense wololedwa kulembamo akhale ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi. Chizolowezi cha ofesi yonse kugwiritsa ntchito nambala imodzi, yolembedwa pakapepala kuseri kwa makina, chimafafaniza ntchito yonse ya masamu, chifukwa mwini ng'ombe akasinthidwa m'kaundula sipapezeka wofunsidwa. Kusintha mwini wa chiweto kuvomerezedwe ndi anthu awiri, mmodzi wa kugulu ndi mmodzi wa kuofesi ya zaulimi. Wogwira ntchito akasamutsidwa, dzina lake litsekedwe tsiku lomwelo, ndipo makina kapena foni ya ntchito ikatayika, lipoti lipite kulikulu tsiku lisanathe kuti makinawo achotsedwe pa mndandanda wa ovomerezeka.

Chiweto chikafa kapena kuphedwa, ndolo ibwezedwe kwa mlembi wa gulu, iduladulidwe pamaso pa mboni mpaka waya wa m'kati aduke, ndipo nambala yake itsekedwe m'kaundula osadzaperekedwanso. Ndolo ikathothoka patchire, chiweto chipatsidwe nambala yatsopano yolumikizidwa ndi yakale, chitayerekezedwa ndi chithunzi chake, ndipo yakaleyo ilembedwe kuti yatayika, kuti ikadzawerengedwa pakhutu lina pamsika wa Madisi makina adzaikane.